Makina Adikira Mzungu: Mbiri ya Malemu Ezron Daka

Malemu bambo Ezron Daka anabadwa pa 9 Malichi 1938 ku Katete. Ine ndikuwerenga pano ndine Clement, mng'ono wawo. Anamaliza Sitandade 6 mu 1954, kenaka anaphunzira zamagetsi ku Lusaka. Mu 1964 anakwatira mayi Rosaria Miti, amene akhala apawa.

Mu 1969 boma linawatumiza kunja kukaphunzira kukonza makina a m'zipatala, makamaka ojambula m'chifuwa. Atabwerako anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri, koma udindo wawo sunasinthe: wothandizira. Azungu amabwera n'kupita, ena a iwo osadziwa ndi pobisala fyuzi pomwe, malemu akuwanyamulira chikwama. Anaphunzitsa anyamata asanu. Atatu ali ku Botswana, mmodzi ku Joni, wachisanu akugulitsa salaula, zovala za kaunjika, mu Lusaka. Malemu analembera boma makalata kuti liwapatse ena oti aphunzitse, yankho silinabwere. Mu 1991 anapuma ntchito, nadzakhala kuno ku Bundabunda kumene amfumu anawapatsa munda.

Mu Juni chaka chino cha 1996 anayamba kutsokomola ndi kubanika. Pa 2 Julayi tinawagoneka m'chipatala china chimene sinditchula, poti tili pamaliro. Adokotala anati sangadziwe chothandiza asanaone chithunzi cha m'chifuwa, ndipo anatiletsa kuwanyamula ulendo wa ku Lusaka chifukwa anali ofooka. Makina ojambulira analipo, atsopano, ochita kupatsidwa. Koma anali atafa kuyambira Epulo.

Abale anga, apa ndiye pondinyansa. Malemu anapempha kuti awakankhire pa njinga ya odwala kuchipinda cha makinawo. Anawayatsa, namvetsera kulira kwake, nati, "Ni kawaya chabe aka, nipaseni sikuludiraiva." A chipatala anawakaniza! Akuti pachitseko cha makina pali chidindo cha amene anapereka, ndipo wololedwa kuchidula ndi katswiri wochokera kunja basi. Munthu wa m'dziko muno akangokhudza, eni ake sadzathandizanso. Akuti dikirani, abwera sabata yamawa. Sabata yamawayo tinaimva kasanu ndi kamodzi, akulu anga akuwonda tikuwaona, alamu anga akuwatembenuza pabedi. Dziko lonseli, zaka makumi atatu chilandirire ufulu, n'kusowa munthu mmodzi wa pepala loyenera kutsegula kachitseko? Zochititsa manyazi.

Anatisiya Lachiwiri pa 13 Ogasiti, m'ma 10 koloko m'mawa, osajambulidwa. Katswiri uja anafika Lachitatu. Namwino wina watiuza kuti sanathe ndi theka la ola. Kanali kawaya.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, Davies, Bornwell, Ednah ndi Febby, komanso adzukulu asanu ndi awiri. Tikuthokoza a mpingo, amfumu, amayi amene agona pano masiku atatu, ndi bambo Teddy Shachele amene anatibwereka thirakitala yonyamulira thupi. Anamwino sitikuwada, anachita zomwe akanatha.

Ndithokozenso ofesi ya chipatala chija. Dzulo madzulo, bokosi lili m'nyumba, atitumizira kapepala aka ndagwiraka. Akuti bambo Ezron Daka afike Lolemba 8 koloko kudzajambulidwa, ndipo asachedwe.

Akulu anga, musadzivute kudzuka. Mwatopa kudikira. Mzimu wanu uuse mumtendere.