Pulasitiki Yokana Madzi Inaumitsa Makaka Athu

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, achinyamata nonse, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Ambiri simukundidziwa, ndine mlendo kuno ku Rivirivi. Kwathu ndi ku Chikweo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Koma mng'ono wanga mumamudziwa, amake Chisomo, uyo wakhala kumbuyo kwa kwaya uyo. Anakwatiwa kuno, amapemphera nanu.

Abale, njala ya chaka chino simukusowa wokuuzani. Munaiona nokha. Chimanga chinauma chisanamasule, kuno ngakhale kwathu. Ife chimene chinatsala ndi munda wa chinangwa kumunsi kwa dambo, umene amuna anga anabzala asanamwalire.

Tsiku lina ndinangoona mng'ono wangayu watulukira pakhomo, wagwira ana ake awiri, Chisomo ndi mlongo wake wamng'ono. Iye anali ataonda, maso atalowa. Sanafune n'kukhala pansi komwe. Anati, "Achemwali, kwathu kulibe kanthu. Inu muli ndi chinangwa. Tengani anawa. Ngati n'kufa akafere kwa inu, ine ndisaone."

Amayi muli muno, mukundimva? Mawu amenewo atuluke pakamwa pa mayi wobereka! Ndinawalandira anawo. Ndinati, "Pita, Mulungu alipo."

Ndiye mvula imene tinailira nthawi yobzala ija inabwera mochedwa, inabweranso ndi ukali. Madzi anadzaza dambo, analowa m'munda, chinangwa chinayamba kuwolera pansi. Ndinayenera kukumba msangamsanga. Tsono chinangwa chathu n'chowawa, sungaphike chachiwisi n'kupatsa mwana. Umasenda, umaviika, umayanika mpaka chiume chikhale makaka, kenako usinje ufa. Nanga uyanika bwanji kumwamba kukungothira madzi?

Ndinali ndi chipulasitiki chakale chimene ndinkafolera denga. Ndinachiyala pamwamba pa thandala. Abale, chinandigwiritsa mwala. Matope ndi madzi zinkangokhala pamwamba pake, dzuwa likati lituluke pang'ono silinkalowa. Mkati chinkachita thukuta, madontho n'kumagwera pa chinangwa. Chinangwa choyamba chonse chinachita chuku, chinada bii, chinanunkha. Ndinataya.

Nthawi imeneyo mapazi a Chisomo anali atayamba kutupa. Ukadina ndi chala pamakhala dzenje. Mwana wosewera uja anangokhala chete pakhonde, osalira n'komwe. Ndinagwada pambali pa thandala lija mvula ikundinyowetsa. Ndinati, "Ambuye, anawa si anga. Ndikamuuza chiyani mayi wawo? Letsani mvulayi. Ndipatseni dzuwa."

Mvula sinaleke. Iyayi, sinaleke, ndisakunamizeni.

M'malo mwake kunabwera munthu. Che Amidu, aneba athu, bambo wachisilamu, msodzi wa pa Chiuta. Anaima n'kuyang'ana mulu wa chinangwa chowola chija, anapukusa mutu, anabwerera kwawo. Posakhalitsa ndinawaona akukankha njinga, atamangirira mpukutu wa pulasitiki yoyera.

Anati, "Mayi, iyi anatipatsa ku gulu lathu la asodzi kuti tiziumitsira matemba. Koma nsomba chaka chino kulibe, zochepa zimene tikupha zikuthera pa doko pomwepo. Yangokhala m'nyumba. Anzanga ndawauza, avomera."

Ine ndinati, "Che Amidu, zikomo, koma pulasitiki ndayesa kale. Ndiyo yandiwoletsera chakudya."

Anaseka. Anati, "Tapatseni kapu ya madzi."

Anatambasula kansonga ka pulasitiki yawoyo, anathirapo madziwo. Abale, madzi aja sanamamatire. Anasanduka timikanda, n'kugubuduka, monga amachitira pa tsamba la koko. Ndinagwira ndi dzanja, pouma! Ndinathiranso ndekha, madzi amatope dala. Anatsetsereka ndi matope ake omwe.

Ndinati, "Mwaipaka mafuta?"

Anati, "Iyayi. Amene anabweretsa anatiuza kuti pamwamba pake anakutirapo kanthu kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, kopangidwa kuchokera ku mchenga, mtundu wa galasi koma kopindika. Ndiko kamakana madzi, ndiko kamaiteteza kuti isathe msanga. Chinthu chimodzi chokha, mayi: musaikweche ndi mchenga ngati poto. Inu amayi mumakonda kukwecha. Mukatero mwachotsa mphamvu yake."

Amayi, mukuseka chifukwa mukudziwa kuti ananena zoona!

Tinadula nsungwi, tinamanga chisakasa chosongoka kuti madzi azitsetsereka, tinasiya mipata m'mbali kuti mphepo izidutsa. Ndinayanika chinangwa chimene chinatsala. Chinali chomaliza, m'munda munalibenso china.

Mvula inkagwa, n'kukata, n'kugwanso. Koma ikangokata, pulasitiki ija inkakhala mbee, kadzuwa kochepa komweko n'kulowa, mkati n'kutentha. Thukuta la mkati linkatsata pulasitiki n'kukagwera kumbali, pansi. Ndinkapita kukatembenuza, ndikununkhiza, ndikuopa. Tsiku lina ndinatola chidutswa, ndinachipinda. Chinathyoka kuti thyo! Choyera, chouma. Abale, ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira ngati mwana.

Ndinasinja, ndinaphika phala, ndinasakaniza ndi timatemba timene akazi a Che Amidu anandigawira. Chisomo anamwa. Mawa lake anamwanso. Kuchipatala anamupatsa chiponde, anatiuza kuti tipitirize kumudyetsa, ndipo chomudyetsa chinalipo. Mapazi anaphwa pang'onopang'ono. Tsiku limene ndinamumva akukangana ndi mlongo wake, kulimbirana chipande, ndinati zikomo Yesu, mwana wachira.

Sizinathere pa ine. Anzanga ataona anabwera ndi chinangwa chawo, ena ndi masamba a mfutso. Tinkasinthana, wina akachotsa wina n'kuyanika, a kumzikiti ndi a kutchalitchi pa thandala limodzi. Nditapita kukathokoza, Che Amidu anangoti, "Alhamdulillah, atamandike Mulungu, mayi. Njala sifunsa kumene umapemphera."

Dzulo ndafika ndi anawa. Mng'ono wanga atationa patali sanathamange. Anaima, anagwira pakamwa, anawerenga ndi chala: mmodzi, awiri. Kenako anagwada n'kuwakumbatira.

Chisomo, imirira mwanawe. Gwira mlongo wako, imirirani nonse mpingo ukuoneni. Ndi amenewo, abale. Amoyo, akuyenda okha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha m'njira imene sindinaipemphe. Ndikuthokoza aneba anga, muziwakumbukira m'mapemphero anu. Ndikuthokoza inu amene munamugwira dzanja mng'ono wanga pamene nyumba yake inali zii. Tsono musandisiye ndisangalale ndekha. Amayi, nthungululu zili kuti? A kwaya, imbani ng'oma imeneyo! Imirirani tonse timuvinire Yehova. Aleluya! Ameni.