Nsalu za Odwala Chifuwa

Cosmas anawaona komaliza atate ake, aWhiteson Daka, atakhala pakhonde, akutsokomolela m'kansalu kuti iye asaone magazi. Patatha mwezi chiwaikile m'manda, Cosmas anali pa siteji ya basi ku Nyimba pamene anthu awili osadziwana anayamba kucheza pambali pake.

"Amai, manja ong'aluka chonchi ndi a soda. Mumachapa kuchipatala?"

"Mwalasa, bambo. Kodi mumaombeza ndi manja a eni?"

"Iyayi, ine ndimakolopa m'mawodi. Bungwe lathu la antchito landituma. Mawa tikumana ku Petauke, tigwilizane zokauza mabwana: atipatse magolovesi, ndipo wodwalila pantchito asamachotsedwe."

"Ine ndili ndi ana atatu. Opita kumisonkhano amawachotsa ntchito."

"Osapita nawonso amawachotsa. ADaka sanapondeko kumsonkhano, koma atangoyamba kutsokomola anawauza kuti azipita kwawo."

"ADaka ati? Aatali aja, oimba mluzu pochapa?"

"Omwewo. Tinawaika mwezi watha."

Maiyo anatula dengu lake pansi.

"Pamene ndinali ndi pakati, nsalu za odwala chifuwa chachikulu zinali zanga. Iwo anandilanda mtolowo, amvekele, 'Mwanawe, iwe chapa za ana, izi n'za ife okalamba.' Ngakhale nditachila, sanandibwezele. Mwana uja akuthamanga tsopano, ndipo ine ndinangowathokoza ndi mbatata ziwili."

"Ndiye anzathu ndikawauze chiyani?"

"Musakawauze kanthu, bambo, ndikalankhula ndekha. Basi ya ku Petauke ndi iti?"

Linali Lachiwili, pa 5 Malichi 1957.