Ndinkagona Chiwongolero Chili M'manja

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ine ndine dalaivala wa lole yonyamula khofi ndi anthu kuchoka ku Misuku kupita ku boma, ndipo chaka chatha ndinatsala pang'ono kupha anthu ndi vuto lomwe sindinkalidziwa n'komwe dzina.

Msewu unkandisowa. Ndinkayamba kutsika phiri bwinobwino, kenako n'kungozindikira ndili pamlatho, makona atatu ndadutsa osawaona. Tsiku lina amayi ena anakuwa kumbuyo, tayala litafika kale m'mphepete mwa phompho. Mowa sindimwa, maso ndi abwinobwino, nanga chinali chiyani? Ndinangoti alipo wandilodza, mpaka ndinasiya kupereka moni kwa dalaivala mnzanga, munthu wosalakwa.

Ndiye ndinalimbikira mapemphero ochezera, katatu pa sabata, kukacha n'kuliza lole. Zinthu zinangoipiraipira. Mutu unaima, abale. Ndinkafunsa Mulungu kuti bwanji ndikamapemphera kwambiri mdaniyo akukulira mphamvu?

Kenako ku boma kunabwera anthu ofufuza za tulo ta madalaivala. Ndinangopita poti anzanga ankapita. M'chipinda chomwe anandilowetsa munali mpando, chiwongolero ndi kanema wamkulu woonetsa msewu. Ndinaseka: ine wa mapiri a ku Misuku, kuyendetsa chidole? Anandisiya ndekha ndikuyendetsa, ndipo ola lisanakwane ndinagunda basi ya m'kanemamo.

Ndinakakamira kuti makinawo ndi owonongeka. Mayi amene ankatiyang'anira sanatsutse, anangondionetsa nkhope yanga yomwe kamera inajambula. Zikope zikutsika, mutu ukugwa, manja ali pachiwongolero.

"Adada, apa munali m'tulo, kasanu konse," anatero. "Mumagona maola angati?"

Nditawerengera, ndinapeza kuti anali ochepa zedi, makamaka masiku a mapemphero ochezera aja. Manyazi anandigwira, mantha n'kubwera pambuyo. Nditawafotokozera abusa athu, anati, "Kagoneni, adada. Ife tizikupemphererani." Mnzanga uja ndinakamupepesa, ndipo mpaka lero amandinena.

Tsopano ndimagona mokwanira, ndipo maso akayamba kulemera ndimaimitsa lole, okwera adandaule bwanji. Kunena zoona sindimvetsabe chifukwa chake yankho linadzera m'chidole. Inu amene muli m'mayesero osamvetsetseka, musatope, thandizo limatulukira kosayembekezeka. Ine ndikuthokoza Mulungu, pakuti ngozi yomwe inkandidikirira m'phiri anandilola kuichitira m'chipinda, momwe munalibe ndi mmodzi yemwe wokaika m'manda.