Chaka Chimene Nkhope za Anthu Zinandithawa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera ku Nchema. Ine ndine Esinati, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene maso anga anasiya kuona nkhope za anthu.

Chibadwire sindiona patali. Magalasi anga ndi okhuthala ngati pansi pa botolo, moti anzanga kusukulu ankanditcha kadzidzi. Chaka chimene pulayimale inakhala yaulere, mizere ya m'munda inayamba kundionekera yokhotakhota, koma sindinalabadire.

Kenako amayi anga anamwalira. Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinawerama pabokosi. Nsalu yoyera ndinaiona, duku ndinaliona, koma pamalo pa nkhope panali mdima wozungulira. Ndinakuwa kuti, "Amayi alibe nkhope!" Nyimbo inadukira panjira. Ndinamva azakhali anga akunong'ona kuti, "Malemu amukanatu ameneyu. Anawalakwira chiyani?"

Kuyambira pamenepo, aliyense amene ndinkamuyang'ana analibe nkhope. Choopsa kwambiri chinali mwana wanga Chisomo, amene anali woyamwa. Ndinkayamwitsa mwana wopanda nkhope, ndipo mtima unkandiuza kuti amayi akubwera kudzamutenga. Achibale ananditemera mphini, nandithira madzi a masamba m'maso, koma mdimawo unkangokula. Ndinkachita mantha ngakhale dzuwa lili paliwombo. Pemphero langa linatsala limodzi lokha: "Ambuye, ngati mwanayu akupita, ndionetseniko kaye nkhope yake."

Tsiku lina kusikelo ku Nguludi, namwino wina anandiona ndikupapasa pakamwa pa mwana ndisanamupatse phala. Sanandikalipire. Anandigwira dzanja mpaka kwa dokotala wa maso amene anabwera tsikulo kuchokera ku Blantyre.

Atandiunika, adokotala anati maso anga ndi otalika ngati dzira. Kuseri kwake kunakokeka mpaka timitsempha tinaphulika, magazi n'kukhala pakati penipeni poonera. "Si mizimu iyi mayi, ndi magazi," anatero. Anandiuza mosabisa kuti diso lamanzere linachita kale chipsera, koma lamanja likhoza kuyerako ndikasiya kuthiramo masamba.

Kenako anati, "Mwanayo musamuyang'ane pamphuno. Yang'anani khutu lake."

Ndinayang'ana khutu. Pang'onopang'ono nkhope inatulukira chakumbali, yosaoneka bwino koma yathunthu. Chisomo ankaseka, ali ndi timano tiwiri timene ndinkangotidziwa akandiluma poyamwa. Ndinalira mokweza, osasamala anthu amene anali pamzere.

Diso lamanja linayerako ndithu, ndipo Chisomo anakula. Lamanzere silinabwerere. Mpaka lero zimandiwawa kuti amayi ndinawaika m'manda osawatsanzika.

Komabe ndikuthokoza Mulungu, amene anandiyankha kudzera mwa namwino amene ngakhale dzina lake sindinamufunse. Inu amene mdima wakugwirani, musaleke kupemphera, ndipo kuchipatala musachedweko monga ndinachedwera ine. Mukadzakumana nane panjira ndikuyang'ana kumbali, musadzati ndikukunyozani. Ndiye kuti ndikukuonani.