Mchele Uli M'chitini

Ku Mwape aliyense adziwa kuti mkazi akaleka kuthila mchele m'ndiwo, ndiye kuti ali kumwezi, apo ayi wayenda ndi mwamuna wina ndipo akuopa kudwalitsa mwamuna wake matenda a mdulo. Tsono a Kalisto, atadya nyemba zosakolela milungu itatu, anakankha mbale nayang'anitsitsa akazi awo, a Joana.

"Amake Gift, mwezi wanu uno sukutha?"

"Unatha kalekale. Bwanji?"

"Nanga mchele?"

"Uli m'chitini. Sindithila."

"Wakuletsani ndani?"

"A Webster."

A Kalisto anapukuta dzanja pang'onopang'ono. "Mpaka dzina mukutchula! Webster wake uti?"

"Adokotala a ku Nyimba. Tsiku lija munakana kupita, n'kutuma ine kukatenga mapilisi anu a BP. Anandikhazika pansi, tinakamba nthawi yaitali."

"Chitseko chili chotsegula?"

"Chotseka. Panja panali phokoso."

"Mayo ine! Munakamba zotani?"

"Za mtima. Akuti mtima si pampu chabe. Umatulutsa mankhwala akeake m'magazi, ouza timitsempha tating'onoting'ono kuti timasuke, ndi impso kuti zitaye mchele. Koma mchele ukachuluka mankhwalawo amalephela, timitsempha timauma, magazi n'kumadutsa mokankhana."

"Tamvani! Munthu wa giledi folo lelo akuphunzitsa za impso!"

"Anachita kundijambulila papepala. Ali ndi dzanja labwino."

"Dzanja labwino!" A Kalisto anavula patapata, nakweza phazi m'mwamba. "Onani kutupa uku! Si mdulo uwu? Mwandidula, mkazi inu!"

"Ee, anati mapazi adzatupa, mapilisi aja amatelo."

"Ananenelatu! Iye anadziwa bwanji?"

"Anazolowela. Akuti azimayi ambili amawakhazika chimodzimodzi, Lachiwili lililonse."

"Lachiwili lililonse!" A Kalisto anaimilila, mpando n'kugwa. "Atate anayenda pansi kuchokela ku Tete, nkhondo ili kumsana, akudya mchele wodzaza dzanja. Anafa ndi timitsempha?"

"Anagwa m'munda pakamwa patakhota."

"Imeneyo inali mphepo yoipa! Longedzani, tikupita kwa ankhoswe. Ukwati uno uthele pomwepo."

"Chabwino. Nditengenso kabuku kanu ka kuchipatala?"

"Ka chiyani?"

"Kali ndi manambala. Anamwino aja anabwela kuchalichi Lolemba analembamo kuti BP yanu yakwela kuposa mwezi watha."

"Makina awo ndi akale."

"Anapima ine, makinawo anagwila bwino ntchito. Anapima abusa, anagwilanso." A Joana anayamba kuwelenga zala, nkhope ili phee. "A Webster anati munthu akasiya mchele n'kumamwa mapilisi, BP imatsikako ndithu. Mapilisi ndimakupatsani ndekha. Mchele sindinathile ngakhale kambewu kamodzi. Ndiye ndakhala ndikudabwa kuti ukulowela pati."

A Kalisto anadzutsa mpando uja, nakhala. "Mwina m'madzi a pa dilawo."

"Timamwa tonse. Koma pochapa jekete lanu ndinapeza mutu wa nsomba yamchele, zija za ku Luangwa, wokazinga bwino ndi anyezi. Ine chaka chino sindinaphikeko."

A Kalisto anakoka mbale ya nyemba. "Komatu zikukoma izi. Munthu ungozolowela. Za ankhoswe tisiye, ndi anthu otanganidwa."

A Joana anali atamanga kale chitenge, kabuku kali m'manja.

"Ayi, tiyeni, atate ake Gift. Ine ndikatchule amene anandiletsa mchele, inu mukatchule amene akukuthililani."