Mipando Iwiri ya Kukhoma

— Halo? Amayi?

— Halo! Eee, ndiwe mwana wanga? Mawu akowo ngati uli m'chitini.

— Ndi netiweki. Mwaswera bwanji kumeneko?

— Taswera, kaya iwe? Adzukulu angawo?

— Ali bwino, kudya kokha. Nanga ababa?

— Ali pakhondepa, akukangana ndi wailesi. Ntchito ikuyenda?

— Ndaimbira yomweyo. Paja ndinakuuzani kuti anthu a m'dera lija tinakana kuti holo yakale ya kanema igwetsedwe, ndiye tikuikonza tokha...

— Bayisikopo? Ikadalipo? Ine ndimayesa anaisandutsa sitolo ya matayala.

— Ilipo. Denga takhoma latsopano, mileme tathamangitsa, tsopano tafika pa mipando. Koma pali chinthu chandizunguza mutu. Mipando yonse ili ndi thabwa loikapo mkono pakati pake. Mzere womaliza, kukhoma, iwiri ilibe. Si kuthyoka ayi, munthu anachita kucheka ndi sowo n'kupala bwinobwino.

— Iii.

— Kalipentala akuti ndi yowonongeka, mawa m'mawa aizula akataye. Ndafunsa akuluakulu onse, palibe akudziwa. Ndiye ndati inu munakulira komweko, mwina...

— Pafupi ndi chitseko chotulukira?

— Eya! Mwadziwa bwanji?

— Anacheka ndi mwini holo, bambo wadazi uja. Anthu ankadandaula kuti ndikusokosa.

— Inuyo? Munkasokosa chiyani?

— Ndinkawafotokozera filimu bambo ako.

— Ababa? Kodi si paja anasiya kuona musanakwatirane?

— Nanga makutu anasiya kumva? Loweruka lililonse ankagula matikiti awiri. Ine maso pachinsalu, pakamwa pakhutu pawo. "Wakwera hatchi. Wasolola mfuti. Mkaziyo wavala diresi ngati langa, koma langa ndi lokongola." Thabwalo linkandibaya m'nthiti, anthu nawo "Shii! Shii!" Mpaka mwini holo anatimvera chisoni, n'kutisamutsira kukhomako, thabwa n'kucheka.

— Zaka zonsezi osatiuzako!

— Munafunsa? Ana inu mumayesa tinabadwa ndi imvi. Ndipo munthu wabwino akafa mufilimumo, ine ndinkati wangokomoka basi. Tadikira, akulankhula... Hee! Akuti ankadziwa. Akuti holo yonse inkamina, ndiye wokomoka amamulira choncho?

— Nanga bwanji sankanena?

— Bwanji simunkanena, abambo? ... Akuti filimu yanga inkakoma kuposa ya pachinsalupo.

— Amayi, mwandiliza.

— Usalire pafoni, mayunitsi ndi odula. Tamvera, kalipentala wakoyo asakhudze mipando imeneyo. Mtima wandipweteka kungomva kuti akataye.

— Ndimuimbira pompano. Aipake vanishi, aikeponso thabwa latsopano...

— Thabwa? Iwe, ndimalankhula ndi khoma kodi? Aisiye momwemo! Abambo, khalani pansi, sanatsegule! Taona zimene wachita, ayamba kupapasa pamene pali jekete lawo. Mutsegula liti?

— Mwezi wamawa. Ndipo masiku ano kuli timahedifoni tofotokozera anthu osaona. Ndikhoza kuwapezera ababa kamodzi.

— Halo? Ukudukaduka. Wati chiyani?

— Ndati mahedifoni! Ofotokozera filimu!

— Mahedifoni a chiyani ine ndili moyo? Ungotisungira iwiriyo. Ine undipatse wakukhoma, khutu lawo lakumanzere ndi limene likumvabe bwino. Wamva? Halo? Halo?