Alamu anga anati ndatha, usipa wa Abiti Saidi unandidzutsa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Rozalina wa ku Sanjala, ndipo umboni uwu ndikufuna ufike m'makutu mwa amene anandiseka ndikudwala.

Chaka chatha mtima wanga unayamba kugunda mosokonekera. Miyendo inafooka, manja analephera kunyamula ngakhale ndowa ya madzi, ine amene ndinkasenza thumba la mbatatesi kuchokera pa minibasi ya chapa mpaka pa banka yanga, thebulo logulitsirapo kumsika. Felista, mlongo wa amuna anga, anabwera ngati wodzazonda wodwala, koma ananena ndikumva: "Achimwene, uyu watha. M'bwezeni kwawo ku Lione akafere komweko." Posakhalitsa analanda banka yanga, ndipo amuna anga anasamukira kwa mkazi amene Felistayo anawapezera.

Ndinalira mpaka misozi kuuma. Ndinapempha Mulungu kuti andisungire moyo, ndidzawaone akuchita manyazi.

Kuchipatala anandipatsa mankhwala a mtima, ndipo adotolo anati ndizidyanso nsomba zamafuta, chifukwa mafuta ake otchedwa omega-3 amathandiza minofu ya mtima ndi ya thupi lonse kugwira ntchito bwino. Koma munthu wosiyidwa ngati ine nsomba ndikanazitenga kuti? Mulungu anatuma munthu yemwe sitipemphera naye limodzi: Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene amagulitsa usipa wa ku Metangula. Anafika ndi mbale yodzaza n'kunena kuti, "Idya mwanangu, usaleke mankhwala. Tsiku lako silinakwane." Sanatope kubwera. Pang'onopang'ono mtima unakhazikika, mphamvu zinabwerera m'miyendo.

Lero ndili ndi banka ina, moyang'anizana ndi ya Felista. Malowo ndinachita kusankha dala. Amene ankandigula kale abwerera kwa ine, mbatatesi zake zikungomera pathebulo. M'mawa uliwonse ndimatula thumba pamaso pake, iye n'kuwerama ngati wataya singano. Amuna anga nawonso anabwera, nkhope ili yakugwa, akuti tikambirane. Ndinawayankha kuti, "Munasiya mtembo m'nyumba muno. Mtembo sukambirana ndi munthu."

Ndikuthokoza Mulungu wanga, ndikuthokoza Abiti Saidi. Inu amene mwatayidwa mukudwala, limbikirani kupemphera, mverani achipatala, musafe msanga kuti adani anu akondwe. Abusa akuti ndikhululuke. Mundipempherere, abale, chifukwa pamenepo sindinafikepo. Ameni.